Mphepo ya Ogasiti ku Harare ndi drone yanga: musathamangire kukweza ma gain

Ine ndimakhala ku Tafara, ntchito yanga yeniyeni ndi yokonza mafoni m'tauni. Za drone zinayamba ngati masewera basi, kenako zinayamba kubweretsa kangachepe, chifukwa anthu athu amene ali ku Joni, ku Cape Town kaya ku UK akumanga nyumba kuno ndipo amafuna aone okha ngati denga lakweradi kapena achibale akungowatumizira zithunzi za nyumba ya neba kkkk. Nde munthu akati nayi $20 kapena $30 ukandijambulire stand yanga kuchokera m'mwamba, ungakane? Izi ndikulembera anzanga amene muli ndi drone yomanga nokha kapena yogula kwa munthu, ija yofuna uyilumikize pa laputopu ndi kumasintha manambala wekha. Amene muli ndi zija zobwera zothaitha m'bokosi, zina mwa izi zikuthandizani koma zambiri si zanu.

Yanga ndinagula kwa mnyamata wina amene ankanyamuka kupita kunja, $250 ndi remote yomwe. Fremu ya 450 ya mikono ya pulasitiki, ma mota a 2212 920KV, ma propela a 10 inchi, batire la 3S (la ma cell atatu), flight controller yake, kabokosi komwe ndi ubongo wa drone, ndi Pixhawk yoyendera pulogalamu ya ArduCopter, koma chikasi chake chinali chosweka mbali imodzi atachimata ndi selotepi. Pansi ndinapachikapo gimbal, chogwirira kamera kuti isamagwedezeke, ndi kakamera. Nditayeza pa sikelo ya mayi akunyumba ija amayezera fulawa, zonse pamodzi zinakwana 1.6kg. Nambala imeneyi sinandiuze kalikonse nthawi imeneyo.

June ndi July zinthu zinayenda bwino kwabasi. M'mawa wa nthawi yozizira kuno mpweya umangoti ziii, ndikaiika pa Loiter, mode yoti iziima yokha ndi GPS, inkaima pamalo amodzi, ine nkumadzimva kuti ndine katswiri. Manambala a mu Mission Planner, pulogalamu ya pa laputopu yosinthira zinthu mu drone, sindinawakhudze ndi amodzi omwe, anali omwe aja imabwera nawo.

Kenako Ogasiti. Amene mwakhalitsa kuno mukuidziwa mphepo yake, fumbi m'maso, majumbo akuuluka pamwamba pa madenga, zovala pachingwe zikuuma nthawi yomweyo koma zili zofiira. Amalume anga a ku Cape Town anandiimbira pa WhatsApp, "Mphwanga, amisiri akuti akhoma malata mbali yonse ya kumbuyo, takapita ku Ruwa ukandionere, ndikufuna nditumize ndalama ina koma mtima ukukana." Ndinati musadandaule amalume, Loweruka muona zonse. M'mawa ndinali ku shopu, nde ku Ruwa ndinafika cha m'ma 2 koloko masana, nthawi yoipitsitsa imene munthu angasankhe mwezi umenewu.

Pansi pomwe ndinaima mphepo inkaoneka yapang'ono chifukwa ndinali kuseri kwa durawall, mpanda wa konkire uja. Itangodutsa msinkhu wa denga, drone inayamba kunjenjemera ngati munthu wa malungo, ma mota akulira mokwera ndi kutsika, wiii wuuu wiii. Kenako inayamba kukwera yokha ndi kutsika yokha mwina mita imodzi kapena ziwiri ine stick osaigwira. Ndisanamvetse zimenezo inayamba kuzungulira, bwalo laling'ono kenako lokulirapo, lokulirapo, uku ikutengedwa kupita ku mitengo ya bulugamu ya kuseri. Ana a m'deramo anali atadzadza kale akukuwa ndege ndege, amisiri asiya ntchito akuonerera. Manja anga anali thukuta lokhalokha. Ndinadina RTL kuti ibwerere yokha, inakwera, ndipo m'mwambamo mphepo inali yoposa, inapendekeka kulimbana nayo koma osasuntha, ili pamalo amodzi batire likutha. Alamu italira ndinaibwezera pa Loiter nkuitsitsa mwachangu molunjika pansi, inagwedezeka koopsa, nkukamenya pamwamba pa durawall ya neba.

Mwamwayi sinagwere mwana. Zimenezi mpaka lero ndikaziganiza m'mimba mumatentha. Mikono iwiri inathyoka, mota ya gimbal inapindika, galasi la kamera linang'aluka, ma propela atatu. Pafupifupi $70. Amalume ndinawajambulira ndi foni nditakwera pa scaffold.

Zipangizo zake m'tauni muno sizipezeka mwachisawawa. Kuitanitsa ku China ndi kutchipa koma ungadikire mwezi ndi kupitirira, nde ndinadutsira kwa runner wobweretsa katundu kuchokera ku Joni pa basi, nkukatengera ku Roadport, pa siteshoni ya mabasi akunja, iye nayenso amaikapo yake. Masabata amene ndinadikira aja ndinawathera pa YouTube, data ikupita ngati chiyani, ndipo zomwe ndinatolako zinali zoti drone ikamavutika ndi mphepo ndiye kuti ma gain, manambala a P, I ndi D olamulira mmene drone imadziwongolera, ndi otsika, kweza P, kweza D. Mavidiyo ambiri amene ndinkaonera anali a tima drone tating'ono ta mpikisano ta 5 inchi toyendera Betaflight, tolimba, topepuka, tamphamvu zochuluka. Yanga ndi ina, yolemera, ya mikono yofewa. Koma munthu ukapsa mtima umangotola chilichonse.

Nditaimanga, ndinakweza ATC_RAT_RLL_P ndi ATC_RAT_PIT_P, P ya roll (kupendekeka cham'mbali) ndi ya pitch (kupendekeka chakutsogolo kaya chakumbuyo), kuchoka pa 0.135 imene imabwera nayo kufika cha m'ma 0.2, D nayonso kuchoka pa 0.0036 ndinaiwirikiza. Pa ground ya mpira pafupi ndi kwathu inauluka mooneka ngati yalimba, koma kulira kwake kunasintha, kunali kaphokoso kena kosalala bwino ngati chinachake chikukhuzana. Nditatera ndinagwira mota, ndinachotsa chala msanga. Apa ndi pamene ndinayenera kuima. Mota ukaigwira ikangotera uyenera kutha kusiya chala pamenepo masekondi angapo, ikakuwotcha ndiye kuti D yakwera kwambiri kapena kunjenjemera kwa fremu kukulowa mpaka ku ma mota. Ine ndinati mwina ndi dzuwa.

Ndiye ndinamva za AutoTune, yoti drone imadzipezera yokha manambala. Ndinaganiza kuti popeza vuto langa ndi mphepo, ndiipange AutoTune mu mphepo momwemo kuti izolowere. Aise, musadzayese. AutoTune imagwira ntchito pogwedeza drone mwadala, kagwedezo kamodzikamodzi, nkumayeza mmene ikubwerera. Mphepo ikamaikankhanso nthawi yomweyo imasokoneza kuti kugwedezeka uku ndi kwanga kapena ndi kwa mphepo. Inatenga nthawi yaitali, ine ndikungoibweza ikatengedwa, ndipo manambala amene inandipatsa anali ofooka kuposa oyamba aja, drone inkachita ngati yaledzera, ukaiuza pita kumanja imayamba yaganiza kaye. Ndinabwerera ku manambala anga okwera aja, ndipo tsiku lomwelo mota imodzi inatulutsa fungo la waya wopsa, inatera mopendekeka mu udzu. Mota ndi ESC yake, kachipangizo kolamulira liwiro la mota, $35 ina, ndi kudikiranso basi. Mayi akunyumba sananene zambiri, anangofunsa kuti kodi ndege ija yabweza kale ndalama yake? Ndinangoti ziii.

Amene anandithandiza ndi mkulu wina wa kwathu ku Dedza amene amakhala ku Mufakose, timakumana ku sosaite ya maliro ya anthu a ku Malawi. Sindinkadziwa kuti amagwira ntchito ndi ma drone akuluakulu opopera mankhwala m'minda. Nditawafotokozera anangoseka, "Mng'ono wanga, ubwere nayo Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, koma usaiwale ka memory card kali mu Pixhawk, ndikufuna kameneko kuposa drone yakoyo."

Ndinapita ndikuyembekeza kuti andipatsa manambala abwino ndilembe papepala. Iwo laputopu sanaitsegule nkomwe poyamba. Anaika drone pa tebulo, anagwira mota imodzi ndi dzanja lamanja, pakati pa fremu ndi lamanzere, nkupotokola. Mkono unapindika mooneka ndi maso. Anagwira wina, womwe sunathyoke pa ngozi ija, unalira kuti tswa pang'ono, pafupi ndi masikulu panali kamng'alu kopyapyala ngati tsitsi komwe ine sindinakaone. Anazunguza mota iliyonse ndi chala khutu ali nalo pafupi, yachitatu inkamveka mchenga m'kati. Kenako anakankha Pixhawk ndi chala, ndipo sinasunthe, chifukwa ine pomanga ndinaimangirira ndi ma cable tie zolimba pamwamba pa kasiponji kake mpaka kuphwatalala, nde kunjenjemera konse kwa fremu kunkalowa mwachindunji.

"Achimwene, nanga manambala?" ndinafunsa.

"Manambala ati? Iwe ukufuna kuphunzitsa chinthu chothyoka mkono."

Ndiye anatsegula log ya tsiku la ku Ruwa mu Mission Planner, zomwe Pixhawk imalemba mu ka memory card kaja drone ikamauluka. Apa ndikupemphani, phunzirani kuwerenga log, ndi yaulere ndipo inalipo nthawi yonse imene ine ndinkangolota. Choyamba anatsegula VIBE, yoonetsa kunjenjemera kwa drone. Malangizo a ArduPilot, eni ake a ArduCopter, amati kunjenjemera kukhale pansi pa 30, pakati pa 30 ndi 60 mavuto akhoza kuyamba, kupitirira 60 ndiye pafupifupi nthawi zonse drone imasokonezeka poima malo amodzi ndi posunga msinkhu. Yanga VibeZ, kunjenjemera kwa chokwera ndi chotsika, inkasewera m'ma 40 pa hover, drone itangoima m'malere, mphepo ikawomba nkudumpha kupitirira 60, ndipo manambala a Clip, amene amayenera kukhala pa 0 kapena osakwera, ankangokwera ulendo wonse. Kutanthauza kuti ka sensa koyeza kayendedwe kankafika pamapeto pake, drone osadziwanso bwinobwino ngati ikukwera kapena ikutsika.

Chachiwiri ndi chimene chinanditsegula maso kwambiri, RCOU, yoonetsa mphamvu imene mota iliyonse ikulamulidwa kupereka. Mphepo ikawomba, ma mota awiri ankagunda pamwamba penipeni nkukhala pompo, mzere wowongoka. Hover yanga, MOT_THST_HOVER, inali kupitirira 0.6, pomwe 1 ndi mphamvu yonse. Anandifotokozera kuti drone imadziwongola pochepetsa mota ina ndi kuwonjezera ina, tsono ngati kungoima m'malere kwadya kale mphamvu yochuluka chonchi, yowongolera itsala yochepa, ndipo mota ikafika pamapeto olo P uyikweze kufika kumwamba palibe chowonjezera. Hover imafunika ikhale pa theka kapena kutsikirapo. Nde pali nkhani ya Harare yeniyeniyo. Mzinda uno uli pamtunda wa pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wake ndi wopepuka ndi pafupifupi 14 peresenti poyerekeza ndi wa kunyanja, masana kukatentha umapepukiranso. Propela yomweyo, mota yomweyo, kuno iyenera kuzungulira kwambiri kuti inyamule katundu yemweyo. Anthu ambiri amene amalemba kuti 3S ndi ma propela a 10 inchi zimakwana pa fremu ya 450 amaulutsira kumunsi ndiponso alibe gimbal. Amene muli ku Joni ndiye zanu ndi zoposa, kumeneko ndi pamwamba kuposa kuno.

Kukwera ndi kutsika kokha kuja, mbali ina kunali kunjenjemera, mbali ina barometer. Ka sensa kameneka kamayeza msinkhu pogwiritsa ntchito kupanikiza kwa mpweya, nde mphepo ikakawomba mwachindunji kamaganiza kuti msinkhu wasintha, ngakhale kuwala kwa dzuwa kamakumva. Kamayenera kuphimbidwa ndi kasiponji. Titatsegula chikasi chosweka chija, kasiponji kanalibemo, ndipo mng'alu unali mbali yomwe kuli barometer. Ndinadula kasiponji kakuda ka m'bokosi la ma earphone ku shopu. Kayeseni ndi pakamwa, mukauzira mpweya uzidutsa, kakakhala kotseka ngati ka patapata sikoyenera.

Kuzungulira kuja ndi kampasi. Drone ikamaganiza kuti kumpoto kuli uku pomwe kuli uko, GPS ikaiuza bwerera pamalo, imabwerera molakwika, nkukonzanso molakwika, mpaka bwalo. GPS yanga, yomwe kampasi ili m'kati mwake, ndinali nditaimata pafupi ndi mawaya akuluakulu a batire chifukwa kamtengo kake kanathyoka kale, ndipo mawaya amenewa magetsi akamadutsa ambiri amakoka kampasi, ndipo amadutsa ambiri nthawi iti? Nthawi yomwe ikulimbana ndi mphepo. Kuwonjezera apo ku Ruwa ndinanyamukira pa slab ya konkire yodzadza ndi zitsulo, pambali pali mulu wa malata. Ku ma stand omanga samalani zimenezi, nyamukirani pa dothi kutali ndi zitsulo ndi magalimoto, ndipo calibration ya kampasi muzipangira pa bwalo, foni ndi makiyi zili kutali.

Anandiphunzitsanso kanjira kosavuta kopezera komwe vuto lili, komwe ndikanakadziwa ku Ruwa drone ikanatera bwino. Pa switch ikani ma mode atatu, Stabilize, AltHold ndi Loiter. Stabilize sidalira GPS kapena barometer, imangosunga drone yowongoka, throttle yokwezera ndi kutsitsira ndi yanu. AltHold imawonjezera kusunga msinkhu. Loiter imawonjezera GPS ndi kampasi. Ikamanjenjemera ngakhale pa Stabilize, vuto ndi fremu, ma filter kapena ma gain. Ikakhala bwino pa Stabilize koma pa AltHold nkumadumphadumpha, onani barometer ndi VIBE. Ikayamba kuzungulira pa Loiter pokha, ndi kampasi, ndipo pompo bwererani ku AltHold muiyendetse ndi manja, osadina RTL, chifukwa RTL imadalira kampasi yomweyo yasokonezekayo. Ine ndinali ndisanaphunzire nkomwe kuulutsa popanda GPS, zoona zake.

Kukonza kunatenga September yense chifukwa cha ndalama. Fremu ina ya mikono yolimbirapo $40, mota ina m'malo mwa ya mchenga ija, mabatire awiri a 4S pafupifupi $110, ndi ma propela a 9450, a cha m'ma 9 inchi, chifukwa ukakweza batire kufika 4S pa ma mota a 920KV propela iyenera kuchepa apo ayi ma mota ndi ma ESC atentha, ndipo onani kaye ngati ma ESC anu amalola 4S. Kamtengo ka GPS ndinagula katsopano, mawaya a batire ndinawapota pamodzi. Pixhawk ndinaikhazika pa timapadi tofewa tinayi m'makona, mawaya opitako ndinawasiya omasuka kuti asamakoke. Ma propela ndinawabalansa limodzilimodzi, mbali yopepuka kumata kaselotepi kakang'ono kunsi kwake mpaka liime mowongoka. Ma mota ndinawayesa ndi foni, propela nditachotsa, chonde chotsani ma propela, foni yokhala ndi app yoyeza kugwedezeka nkuigoneka pa mkono, kenako motor test ya mu Mission Planner imodziimodzi. Yoipa imaonekeratu. Kutchaja mabatire nako kunali nkhani ina ndi mmene magetsi amabwerera usiku, ndinkadzuka pakati pa usiku kukhala pambali pake, batire la LiPo sungalisiye likutchaja iwe uli mtulo.

Pa laputopu tinayambira pansi, kubwezera ma gain onse momwe anabwerera. MOT_BAT_VOLT_MAX pa 16.8 ndi MOT_BAT_VOLT_MIN pa 13.2, ndiko kuti 4.2 ndi 3.3 pa cell iliyonse, zimathandiza kuti drone isasinthe khalidwe batire likamatsika. MOT_THST_EXPO cha pa 0.65 ndi INS_GYRO_FILTER pa 40, zomwe zimayenera ma propela a msinkhu umenewu. Mu Mission Planner muli tsamba lomwe mumangolemba kukula kwa propela ndi ma cell a batire nkukuwerengerani zonsezi, ine miyezi yonseyi ndinkalidutsa. Hover yoyamba, VibeZ inatsika kufika m'ma 15, Clip ili pa 0, hover ili cha m'ma 0.4. Kulira kwake kokha kunali kwina, kosalala. Kenako notch filter, yosefa phokoso la ma mota lomwe ma sensa amamva. Tinayatsa INS_LOG_BAT_MASK, kuuluka hover pang'ono, nkuona pa graph ya FFT pomwe phokoso la ma mota laima, langa linali cha m'ma 90Hz. Nambala imeneyo inapita pa INS_HNTCH_FREQ, theka lake pa INS_HNTCH_BW, ndipo INS_HNTCH_REF ndi hover ija. Musakopere 90 yangayo, yanu idzakhala ina. Phindu lake ndi loti phokoso likachotsedwa, D imatha kukwera ma mota osatentha, ndipo D yabwino ndi imene imagwira drone mphepo ikaimenya mwadzidzidzi.

Za P, I ndi D mmene ndinazimvera ine: P ndi mphamvu yobwezera pompopompo drone ikapendekeka. I imaunjikana pang'onopang'ono chinthu chikamakankha mbali imodzi osaleka, monga mphepo yosalekeza kapena batire lokhala chakumbuyo. D imaletsa kupitirira pobwerera, koma ndi imenenso imakuza phokoso. Pa roll ndi pitch ya ArduCopter, I imayenda yofanana ndi P, mukasintha P sinthaninso I.

AutoTune yachiwiri ndinaipanga mmene imafunikira. Kudzuka kusanache, pa ground dzuwa likungotuluka, masamba a mitengo osagwedera. Gimbal ndinachotsa nkumangirira cholemera chofanana nayo molimba, chifukwa chinthu cholendewera chimasokoneza muyezo. AUTOTUNE_AXES ndinkaika imodzi pa batire, 1 ndi roll, 2 ndi pitch, 4 ndi yaw (kutembenuka), zonse pamodzi batire limatha isanamalize. Kunyamuka pa AltHold, kukwera pang'ono, kuyatsa. Imagwedezeka yokha uku ndi uku, ikapita kutali mumaibweza ndi stick nkusiya, imapitiriza. Nayi mbuna ina: ikamaliza, kuti manambala atsopano asungidwe muyenera kutera ndi kuzimitsa ma mota AutoTune ikadali yoyatsa. Ine roll itatha ndinasangalala, ndinabwezera switch nkutera, kufika kunyumba kutsegula laputopu manambala ndi akale omwe. M'mawa wina unapita choncho. Mukamaliza onaninso ATC_ANG_RLL_P ndi ATC_ANG_PIT_P, zimabwera pa 4.5, tune yabwino pa drone ya msinkhu uwu imazikweza, zikatsika kapena D ikagwera pansi penipeni ndiye kuti phokoso kapena kufewa kwa fremu kukadalipo, bwererani ku masikulu. Ndipo sungani param file, yokhala ndi manambala anu onse, musanasinthe chilichonse, muilembe dzina la tsiku.

Kuyesa mu mphepo kunabwera pamapeto, pang'onopang'ono, pa ground yopanda anthu, motsika, kuyamba AltHold kenako Loiter. Pa log, mzere wa DesRoll (kupendekeka komwe ikufuna) ndi wa Roll (komwe yachitadi) zinkayenda limodzi, ma mota osagunda pamwamba. Inkapendekeka kulowera komwe mphepo ikuchokera nkuima pompo, kugwedezeka pang'ono basi. Ndinaima pamenepo ndikumwetulira ndekha ngati wopenga, mdala wina wodutsa ndi njinga mpaka anaima kundiyang'ana.

ANGLE_MAX yanga inali pa 3000, ndiko kuti madigiri 30, ndipo ndi malire a mmene drone ingapendekekere polimbana ndi mphepo. Ku Ruwa inafika pamenepo nkulephera kupita patsogolo. Koma musangoikweza. Pa madigiri 30 drone imafuna mphamvu yoposa ya hover ndi pafupifupi 15 peresenti kuti isatsike, pa 45 imafuna yoposa ndi 41 peresenti. Ndi 3S ija ndikanakweza ikanangogwa msanga. Pano ndi 4S ndinaikweza pang'ono kufika 3500. RTL_ALT imabwera pa mamita 15, bulugamu wamkulu amapitirira pamenepo, koma mukaikweza kwambiri mukuitumiza komwe mphepo ili yamphamvu, nde ndimaisintha malinga ndi malo, ndikafika ndimayamba ndayang'ana mitengo ndi mawaya a magetsi. Alamu ya batire ndinaiika kuti izilira msanga masiku a mphepo.

Zina si za laputopu. Popita muzipita molimbana ndi mphepo batire likadali lodzadza, kuti pobwerera izikukankhani. Potsika musatsike molunjika mwachangu, imalowa mu mpweya wake womwe wavundulidwa ndi ma propela nkuyamba kugwedezeka, ndi zomwe zinandimaliza pa durawall paja, tsikani ikuyenda cham'mbali. Kuseri kwa nyumba ndi mitengo mphepo imazungulira, pamwamba pa denga penipeni ndiye poipa. Pa app ya Windy kapena ya UAV Forecast musamangoona liwiro la mphepo, onani ma gust, mphepo yowomba mwadzidzidzi ija, ndipo 10 m/s ndi 36km pa ola. Yanga ma gust akafika pamenepo sindinyamuka, video yake imakhalanso yosaoneka bwino olo drone ipirire. Kamvulumvulu wa masana a September ndi October uja palibe tune imene ingamugonjetse, mukaona fumbi likuzungulira chapatali terani. Za malamulo, kuno ma drone amayang'aniridwa ndi CAAZ, bungwe loona za ndege ku Zimbabwe, pansi pa lamulo la SI 271 ya 2018, ndipo kuulutsa kolandira ndalama kuli ndi zofunika zake zapadera, pitani mukafunse musanayambe kulandira ma order. Osapitirira mafiti 400, osayandikira ma eyapoti, kaya Robert Mugabe kaya Charles Prince, kapena malo a asilikali, ndipo pamwamba pa anthu ayi.

Kuwerengera zonse, kukonza ndi kusintha kunandidyera pafupifupi $300, kuposa mtengo womwe ndinaigulira, osawerengera data ndi makasitomala awiri amene anatopa kudikira nkupeza munthu wina. Pa ndalama imeneyi yomwe inali yofunikadi ndi ya mabatire, fremu ndi ma propela, inayo inapita ndi ngozi ziwiri zija. Pano ma order onse ndimawauza kuti ndifika 6 koloko m'mawa, wofuna masana mwezi wa Ogasiti ndimamuuza apeze wina. Chotsala ndi ma ESC otha kuuza flight controller liwiro lenileni la mota iliyonse kuti notch izitsatira yokha m'malo moyerekeza ndi throttle, achimwene a ku Mufakose akuti pa drone yanga kusiyana kwake sikukhala kwakukulu, nde ndayamba ndasunga ya galasi la kamera lija, mpaka pano ngodya ya kumanzere ya video imaoneka kamzere.